Nsungwi za pakhomo zikamayoyoka masamba chaka ndi chaka, fufuzani apa

Seputembala akamapita kumapeto, dandaulo limabwera lomwelo. Munthu anabzala nsungwi zachikasu za mizere yobiriwira zija m'mbali mwa mpanda kuti zitchinge fumbi la mumsewu ndi maso a anthu odutsa. Dzinja lonse zinakula mosangalatsa, koma tsopano masamba apiringizika, achita chikasu, ndipo akuyoyoka usana ndi usiku. Akathirira, sizisintha. Akathira feteleza, zimachita kuipiraipira. Mvula ikagwa zimatsitsimuka, mwini wake n'kuiwala, mpaka chilimwe china chidzamukumbutse.

Ine ndili ndi matsinde atatu kuseri kwa nyumba kuno ku Zomba, ndipo zaka zitatu zoyambirira ndinkadandaula chimodzimodzi. Ndinagula mankhwala opopera amene sanagwire ntchito iliyonse, ndinaimba mlandu chiswe, ndinaimba mlandu mbewu yomwe ndinagula. Wolakwa weniweni anali atatsamira pakhoma la khitchini nthawi yonseyi: tsache. Ndifika pa nkhani ya tsacheyo, koma choyamba tidziwe kuti nsungwi zomwe zikukusowetsani mtenderezo ndi zamtundu wanji, chifukwa zina zimene timaziyesa matenda ndi chibadwa chabe cha mbewuyo.

Nsungwi zanuzo ndi ziti?

Zachikasu za mizere yobiriwira, zomwe zafala m'makomo ndi m'malo ogona alendo, dzina lake la sayansi ndi Bambusa vulgaris 'Vittata'. Kwawo ndi ku Asia, kumalo a mvula yambiri, ndipo zikapeza chinyontho zimapitirira mamita 10 kutalika. Pali zina zing'onozing'ono zothithikana ngati mpanda, Bambusa multiplex, zomwe nthawi zambiri zimalekezera pakati pa mamita 3 ndi 7. Pali zamimbamimba, zotupa pakati pa mfundo ndi mfundo, zomwe anthu amakonda kuika m'miphika pakhonde. Pali zikuluzikulu za Dendrocalamus asper zomwe zabwera ndi nkhani zobwezeretsa chilengedwe, zofika mamita 20 n'kupitirira, zimene sizoyenera pabwalo laling'ono la m'tauni ngakhale pang'ono. Ndiye pali nsungwi zathu zam'mapiri ndi m'makwawa, Oxytenanthera abyssinica, zolukira malichero, madengu ndi nkhokwe.

Kusiyana kwake n'kofunika pa nkhani ya masamba. Nsungwi zathu zakuno zinazolowera miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi yopanda mvula, ndipo njira yake yopulumukira ndi kutaya masamba ambiri m'chilimwe. Ngati zanu ndi zimenezi, kuyoyokako si vuto. Zisiyeni, zidzavalanso mvula ikabwera. Koma zobwera zija zimafuna kukhala zobiriwira chaka chonse, ndipo zikavula kwambiri ndiye kuti zasowa chinachake.

Mitundu yonseyi imakula pa tsinde limodzi ngati nthochi. Pansi pa nthaka pali timitu tokhuthala tofanana ndi jinja, ndipo mphukira yatsopano imatuluka pafupi ndi mayi wake. Mizu yake yambiri siipita pansi kwenikweni. Imayala ngati mphasa m'dothi lapamwamba, m'kati mwa masentimita 30 kapena 50 oyambirira. Gwirani mfundo imeneyi, chifukwa pafupifupi mavuto onse amene tikambe akuchokera m'dothi lapamwamba limeneli.

Tisaiwalenso: timitengo tobiriwira togulitsidwa m'mabotolo a madzi tija, tomwe amati lucky bamboo, si nsungwi ayi. Ndi Dracaena. Malangizo ali panowa sakhudza timitengo timeneti.

Masamba akapiringizika

Tsamba la nsungwi likamva ludzu limadzipinda m'litali ngati ndudu, monga muja chimachitira chimanga pa ng'amba ya Januwale. Nsungwi ndi udzu basi, mbale wake wa chimanga, mzimbe ndi mpunga, ndiye khalidwe n'limodzi. Kupindako kumachepetsa madzi otuluka m'tsamba.

Musaweruze masana. Pa dzuwa la Okutobala, ngakhale tsinde lothiriridwa bwino limapinda masamba nthawi ya nkhomaliro. Kaoneni m'mamawa, dzuwa lisanatuluke bwino. Mukapeza masamba atatambasuka, palibe chodetsa nkhawa, zinangodziteteza ku kutentha. Mukapeza akadali opiringizika m'mawa, ludzu lafika pa mizu.

Ambiri apa amanena kuti, "Komatu timathirira tsiku lililonse." Ndikafunsa kuti mumathirira bwanji, yankho limakhala kheni imodzi, kapena kuwaza ndi paipi mphindi ziwiri madzulo. Madzi otere amangonyowetsa fumbi. Tengani khasu mukumbe kadzenje kakuya ngati chikhatho, sitepe imodzi kuchokera pa tsinde, patatha ola mutathirira. Nthawi zambiri mupeza kuti pansi pa masentimita 5 dothi ndi louma gwa. Kuthirira pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku kumakokera mizu pamwamba penipeni pomwe dzuwa limaiwotcha. Bwino kuthira madzi ambiri kawiri pa sabata. Ine tsinde laling'ono la chaka chimodzi ndimalipatsa ndowa ziwiri za malita 20 nthawi imodzi, lalikulu ndowa zisanu kapena kuposa, ndipo ndimakonza mkombero wa dothi kuzungulira tsinde kuti madziwo aime alowe m'malo mothamangira ku ngalande. Mkomberowo ukhale wotakasuka, chifukwa mizu yomwa madzi ili kunja kwa tsinde, osati pakati pomwe pathithikana nsungwi.

Za mumphika zimavuta mwa njira ina. Mizu ikadzaza mphika, dothi limatha, ndipo madzi amangotsetsereka m'mbali n'kutulukira pansi. Mukaona madzi akutuluka nthawi yomweyo mwathira, zulani tsindelo, muligawe pawiri ndi sowo, mubzalenso m'dothi latsopano. Ntchito imeneyi imabwera pakapita zaka ziwiri kapena zitatu zilizonse, ndipo palibe mankhwala oilambalala.

Tsache

Ife tinakula tikudziwa kuti pakhomo pabwino ndi posesa. Mwana amadzuka m'bandakucha kusesa bwalo mpaka mizere ya tsache ioneke, zinyalala aunjike, azitenthe. Pa bwalo la dothi chizolowezi chimenechi chili ndi nzeru zake: njoka kapena chinkhanira chimaonekera patali. Koma pansi pa nsungwi tsache limachita zinthu zitatu zoipa nthawi imodzi.

Limachotsa chofunda. M'tchire, nsungwi imadziphimbira yokha ndi masamba ake, ndipo pansi pa masambawo dothi limakhala lozizira ndi lachinyontho ngakhale m'chilimwe. Limachotsanso chakudya, chifukwa masamba oyoyokawo akawola amabwezera m'nthaka zomwe mbewu inatenga, kuphatikizapo silika, mchere umene umalimbitsa thunthu la nsungwi. Ndipo tsiku ndi tsiku tsache limapala dothi lapamwamba pang'onopang'ono, mpaka patapita zaka ziwiri mupeza mizu ili pamtunda ngati ulusi, dothi lozungulira litalimba ngati simenti. Mvula yoyamba ikagwa pa dothi lotere imangotsetsereka.

Ndiye pali moto. Kwathu mulu wa masamba unkaunjikidwa pafupi ndi tsinde lomwelo chifukwa ndi pomwe panali pafupi, n'kuuyatsa. Masamba a nsungwi amayaka msanga ndi moto waukali. Mbali yoyang'ana motoyo nsungwi zinkawauka, zina n'kuphulika ngati mfuti chifukwa cha mpweya wotsekeredwa pakati pa mfundo, ndipo dzinja lotsatira mbali imeneyo sinkatulutsa mphukira. Maso a mphukira ali pa timitu ta pansi tija, pafupi kwambiri ndi pamwamba, ndiye kutentha kumawapha asanaoneke.

Chochita n'chapafupi, koma chovuta n'kumvana ndi apabanja. Ine ndinachita kuyala njerwa mozungulira, mita imodzi ndi theka kuchokera pa tsinde, n'kulengeza kuti tsache lizilekezera panjerwapo. Masamba ogwera kunja azisesedwera m'kati mwa mkomberowo m'malo mopita ku dzala. Mayi a kunyumba sanakondwe poyamba, ankati pakuoneka pauve ndipo alendo aziti pakhomo pano palibe munthu wamkazi. Njerwazo n'zimene zinathetsa mkangano, chifukwa zinyalala zokhala m'malire ake zimaoneka kuti zaikidwa dala.

Ngati dothi linapalidwa kale mpaka mizu kuonekera, musagaule ndi khasu pofuna kulifewetsa, mudula mizu yomweyo. Thirani pamwamba dothi losakaniza ndi manyowa owola bwino, wilibala imodzi kapena ziwiri pa tsinde, kenako phimbirani ndi masamba, udzu wouma kapena mapesi mpaka kukhuthala masentimita 10. Thirirani kwambiri kamodzi. Kwa ine kusintha kunaoneka chilimwe chotsatira chomwecho: madzi omwe kale ankatha tsiku limodzi anayamba kukhala masiku anayi.

Nanga njoka? Mantha ake ndi omveka, ndipo sindinganene kuti pansi pa nsungwi sipangabisale njoka. Koma chimene njoka imatsata ndi makoswe ndi malo othithikana. Tsinde lopatuliridwa bwino, loduliridwa nthambi zam'munsi kuti maso aziona mpaka pakati, lokhala ndi chophimbira chosapitirira masentimita 10, silikopa njoka ngati mulu wa njerwa zakale kapena nkhuni zomwe zili kuseri kwa bafa.

Madzi alipo koma masamba ndi achikasu

Apa muyenera kuyang'anitsitsa tsamba lenilenilo, chifukwa chikasu chili mitundumitundu.

Masamba akale am'munsi ndi am'kati akamachita chikasu apo ndi apo, pomwe kunsonga kukutuluka atsopano obiriwira, nsungwi ikungosintha zovala. Imatero chaka chilichonse ndipo palibe chochita.

Tsinde lonse likatumbuluka mofanana, kuyambira masamba akale, ndi njala ya nayitrojeni. Udzu uliwonse umadya nayitrojeni kwambiri. Manyowa a ng'ombe kapena a nkhuku owola bwino amakwana. Ofuna feteleza wa m'sitolo, yemweyo wa chimanga amagwira: NPK mvula ikangoyamba, Urea mu Januwale mphukira zikamatuluka. Dzanja limodzi kapena awiri pa tsinde laling'ono, mowaza mozungulira patali ndi thunthu, dothi lili lonyowa. Cholakwa chofala n'kuthira Urea mu Okutobala pa dothi louma poganiza kuti masamba achikasu akufuna chakudya. Urea ali ndi nayitrojeni wokwana 46 peresenti, ndipo pa mizu yaludzu amangowotcha. Ndi chifukwa chake ambiri amati atathira feteleza zinthu zinaipiraipira.

Masamba atsopano akunsonga akatuwa, koma mitsempha yake n'kukhalabe yobiriwira ngati mizere, mizu ikulephera kutenga ayironi. Kawirikawiri ayironiyo m'dothi alimo, koma dothi lachuluka laimu. Fufuzani ngati pamalopo panatayidwa zotsala za simenti pomanga mpanda, kapena ngati pamathiridwa phulusa la mbaula tsiku lililonse. Nsungwi imakonda dothi la asidi pang'ono. Lekani kuthira phulusa, chotsani zigumu za simenti zomwe mungazipeze, muchulukitse manyowa. Kuchira kwake kumatenga miyezi.

Nsonga za masamba zikamauma ngati zawauka ndi moto pomwe mukuthirira mokwanira, ganizirani za mchere. Madera ena, makamaka ku Chikwawa ndi ku Nsanje, mijigo ina imatulutsa madzi amchere, ndipo mcherewo umaunjikana m'dothi chilimwe chonse mpaka kuoneka woyera pamwamba. Madzi ochapira zovala okhala ndi sopo waufa wambiri kapena bulitchi amachitanso zomwezo. Madzi osambira ndi otsukuluzira alibe vuto kwenikweni, ine ndimagwiritsa ntchito, koma oyamba aja a thovu apite kwina.

Chikasu choopsa kwambiri chimabwera m'dzinja. Febuluwale ali pakati, mvula ikugwa tsiku ndi tsiku, koma tsinde likufota ndi kuyoyoka ngati lili pa chilala. Kumbani pambali. Mukapeza madzi akudikha m'dzenje, mizu yakuda ndi yonunkha, tsindelo lamira. Anthu amaona nsungwi m'mphepete mwa mitsinje n'kuganiza kuti zimakonda lowe, koma zimakhala pagombe pomwe madzi amadutsa, osati m'dambo momwe amaima. Pa dothi la makande, dzenje lobzalamo limasanduka mtsuko. Kumbani kangalande kotulutsa madzi, ndipo ngati tsinde likadali laling'ono, lisamutseni mulibzale pa mulu wokwera. Onaninso ngati madzi a padenga sakutsikira pomwepo.

Kumalo okwera ngati Dedza, chisanu cha Juni ndi Julayi chimatha kuwaula masamba a Bambusa vulgaris usiku umodzi. Musathamangire kudula. Thunthu likakhala lamoyo limaphukanso kukafunda. Okhala kumalo ozizira angachite bwino kusankha Bambusa multiplex, yomwe imapirira chisanu kuposa inzake.

Mphukira zikutuluka koma zikufa, kapena sizikutuluka n'komwe

Pali chinthu chimodzi chokhudza nsungwi chimene ambiri sachidziwa, ndipo chimawachititsa kutaya mtima msanga. Nsungwi siinenepa ngati mtengo. Mphukira imatuluka m'nthaka ili kale ndi kunenepa komwe idzakhale nako moyo wake wonse, imathamanga kufika msinkhu wake wonse m'miyezi iwiri mpaka inayi ya dzinja limodzi, basi yatha kukula. Zaka zotsatira imangokhwima ndi kuonjezera nthambi. Ndiye kansungwi kowonda komwe munabzala sikadzakula ayi. Ntchito yake ndi kudyetsa timitu ta pansi kuti dzinja likudzalo mutuluke yokulirapo, nayonso idyetse ina yoposa pamenepo. Tsinde limafika pa nsungwi za msinkhu weniweni patapita zaka zinayi kapena zisanu. Chaka choyamba n'chogona, musachiyese matenda.

N'chifukwa chake kudula nsungwi zanthete n'kudzibera nokha. Za chaka chimodzi ndi ziwiri ndi zomwe zimabereka mphukira. Mukazidula kuti mukhomere khola kapena muimikire tomato, dzinja lotsatira mutuluka tinsungwi towonda ngati chala, tsinde n'kubwerera ku ukhanda. Komanso nsungwi yanthete siichedwa kufumbwa, ndiye mwaluza pawiri.

Mphukira zina zimafa zokha zikafika m'bondo: zimaleka kukula, nsonga n'kuuma, mukagwedeza zimazuka. Zikakhala zochepa, makamaka zotuluka mochedwa mu Malichi, n'zachibadwa. Tsinde limatulutsa zambiri kuposa zomwe lingathe kulera. Zikafa zambiri nthawi imodzi, kumbukirani ngati panali ng'amba ya masabata awiri kapena atatu pamene zinkatuluka. Mphukira yomwe ikukula masentimita ambiri pa tsiku ndi madzi okhaokha. Ambirife timapachika kheni mvula ikangoyamba, koma ng'amba ya Januwale ikafika nsungwi zimafuna kuthiriridwa kuposa mu Ogasiti.

Mphukira zodukaduka kunsonga ndi ntchito ya mbuzi, nthawi zina ana osewera. Mphukira ikathyoka mutu siipitiriranso kutalika. Tchingani ndi minga kapena waya kuyambira Disembala mpaka Epulo. Mukaona timilu ta dothi latsopano pafupi ndi tsinde laling'ono lomwe likufota popanda chifukwa, ndi mfuko ikudya pansi. Tsinde lalikulu silimva kanthu, koma longobzala kumene limatha.

Ngati vuto ndi loti mbewu siigwira n'komwe, onani chimene mukubzala ndi nthawi yake. Njira yodalirika ndi kugamula nsungwi ya chaka chimodzi kapena ziwiri pamodzi ndi mutu wake wa pansi ndi mizu, kuidula kusiya mita imodzi kapena imodzi ndi theka, n'kuibzala tsiku lomwelo mvula itakhazikika, maso a pamutuwo asanaphuke. Dzenje likhale masentimita 60 mbali zonse, ndipo musaikwirire mozama kuposa momwe inalili. Bambusa vulgaris imameranso ndi zidutswa za thunthu za mfundo ziwiri kapena zitatu zogoneka m'dothi. Mbewu yogula m'mphepete mwa msewu ndi bwino kuisuzumira m'chubu. Ine ndinagulapo ziwiri zomwe zinali nthambi zongozikidwa dzulo lake, zopanda muzu ndi umodzi womwe.

Mwaye wakuda, nyerere ndi chiswe

Masamba ndi mfundo zikada ngati zapakidwa mwaye, nyerere zikukwera ndi kutsika, tembenuzani tsamba kapena yang'anani pomwe nthambi zimatulukira. Mupeza nsabwe za zomera, kapena tizilombo toyera ngati thonje tofanana ndi kodikodi wa chinangwa, kapena tina tomatirira ngati timamba ta nsomba. Tonseti timayamwa madzi a mbewu n'kutulutsa timadzi totsekemera. Nyerere zimabwerera timadzito, ndipo mwayewo ndi nkhungu yomera pa timadzi tomweto. Nkhunguyo siilowa m'tsamba, imangolitchinga ku dzuwa. Mukathana ndi tizilombo, mwaye umatsukika ndi mvula.

Pa tsinde laling'ono, sopo wotsukira mbale pang'ono m'madzi, supuni imodzi pa malita 5, kupopera madzulo kawiri kapena katatu motalikiranitsa sabata, kumakwana. Pa tsinde la mamita 10 kupopera n'kutaya ndalama, simungafike kumwambako. Dulani nsungwi zogwidwa kwambiri, mupatulire kuti mphepo izidutsa. Tizilomboti timakonda tsinde lothinana ndi lofooka ndi ludzu, ndiye mwabwereranso ku madzi ndi chophimbira.

Chiswe chimanamiziridwa kwambiri. Munthu amapeza nsungwi yakufa yodzaza dothi la chiswe n'kunena kuti chiswe chapha nsungwi, pomwe chinabwera kudzadya yomwe inafa kale ndi ukalamba. Pa tsinde lokhwima, chiswe chimadya zouma ndi chophimbira chanu, ndipo potero chimafewetsa dothi. Pomwe chimaonongadi ndi pa mbewu yongobzala kumene yomwe ili ndi bala ndiponso yauma ndi ludzu. Imeneyo ithirireni mokwanira, ndipo chophimbira chisagunde thunthu lake, musiye mpata ngati chikhatho.

Pakati pauma, nsungwi zikugwera kunja

Nsungwi imodzi imakhala ndi moyo zaka zingapo, kawirikawiri zosapitirira 10, kenako imauma ili chiimire. Popeza zatsopano zimatulukira kunja, zakale zimatsala pakati. Tsinde losapatulira limafika poti pakati ndi nkhuni zokhazokha zolukana, mphukira zimatuluka zokhotakhota posowa podutsa, ndipo zakunja zimawerama kufunafuna dzuwa mpaka kugona pa denga kapena pa mawaya a magetsi. Zikafika pa mawaya musadule nokha, itanani a magetsi.

Kupatulira kumachitika kamodzi pa chaka, mvula itatha ndipo mphukira za chaka chimenecho zitamaliza kukula, kuyambira Meyi mpaka Julayi. Nthawi imeneyi nsungwi zodulidwa sizifumbwa msanga, chifukwa chakudya chomwe tizilombo timafuna m'thunthu chimakhala chitapita ku mphukira. Yambani ndi zouma, kenako zothyoka ndi zokhota, pomaliza zakale zopitirira zaka zinayi. Musachotse zoposa gawo limodzi mwa magawo atatu a zamoyo. Yanthete imadziwika ndi makoko omwe akadali kumunsi ndi khungu losalala lowala, pomwe yakale imathimbirira, imamera ndere, ndipo mukaigogoda imalira mouma. Chosavuta n'kulemba chaka ndi penti pa nsungwi iliyonse yatsopano. Ine ndimangoika kadontho, mtundu wina chaka chilichonse.

Tsinde likathithikana moti dzanja silingalowe, tsegulani khomo mbali imodzi, kudula zonse za mbali imeneyo mpaka mufike pakati, tsinde litsale looneka ngati chilembo cha U. Mudzataya zanthete zochepa pakhomopo, koma zaka zotsatira muzilowera pomwepo. Gwiritsani ntchito sowo, chikwanje chimang'amba chitsa ndi kusiya zisonga zobaya mapazi. Valani malaya a manja aatali, makoko aja ali ndi ubweya woyabwa ngati chitedze chaching'ono.

Dulani pansi, pamwamba penipeni pa mfundo yoyamba kapena yachiwiri. Mukadula pakati pa mfundo ziwiri, chitsa chimatsala ngati kapu, madzi a mvula n'kudikhamo, udzudzu n'kuswana. Anthu ena amati nsungwi zimabweretsa udzudzu, pomwe obweretsa ndi makapu amenewa. Zitsa zakale zotere zidzazeni dothi kapena ziboole m'mbali.

Mpanda wang'aluka, aneba akudandaula

Nsungwi za tsinde limodzi sizithamanga pansi pa nthaka, koma tsinde limakula m'mbali chaka ndi chaka, ndipo mphamvu yake yokankha ndi yaikulu. Bambusa vulgaris yobzalidwa theka la mita kuchokera pa mpanda wa njerwa idzafika pampandapo ndi kuukankha. Isiyireni mamita atatu kuchokera ku mpanda, ndipo italikirenso kuposa apo ndi nyumba, thanki ya zonyansa ndi mapaipi. Ngati munabzala kale pafupi, dzinja lililonse thyolani mphukira zotulukira mbali ya khoma zikadali zofewa, phazi lokha limakwana. Pakapita zaka ziwiri kapena zitatu gamulani mbali imeneyo ndi nkhwangwa, zogamulazo mupatse anzanu akabzale.

Ndiwo zamasamba za m'dimba zobzalidwa pafupi sizichita bwino, nsungwi zimalanda madzi ndi dzuwa. Ngalande yakuya theka la mita pakati pa tsinde ndi bedi imathandiza, koma muziidula mizu chaka chilichonse.

Koma mukaona mphukira itatulukira mamita awiri kapena atatu kutali ndi tsinde, mwina kuseri kwa mpanda kwa aneba, zanuzo si za tsinde limodzi. Ndi zoyanga pansi, zamtundu wa Phyllostachys, zomwe thunthu lake lili ndi kangalande m'mbali pamwamba pa nthambi iliyonse. Abale athu okhala ku Britain ndi ku South Africa ndi amene amakumana nazo kwambiri, ndipo zimayambanitsa anthu oyandikana. Mankhwala ake ndi kukumba n'kuchotsa mitsitsi yonse yoyangayo, apo ayi kuzisunga mumphika. Ku Britain za tsinde limodzi zomwe zimapirira chisanu ndi za Fargesia, koma musavutike kubwera nazo kuno, kutentha kwa Salima kapena Mangochi sizingakupirire.

Zikatulutsa maluwa

Vuto lomaliza lilibe mankhwala. Mitundu yambiri ya nsungwi imachita maluwa kamodzi kokha patapita zaka makumi angapo, kenako tsinde lonse limafa. Nsungwi zathu za Oxytenanthera zimatero, nthawi zina dera lonse pamodzi: masamba amachepa, m'nthambi mumatuluka timipira taminga, mbewu zofanana ndi mpunga zimagwa, makoswe n'kuchuluka. Feteleza kapena madzi sizibweza zimenezi, ndipo mbewu yogamula ku tsinde lomwe layamba maluwa nayonso imachita maluwa n'kufa, chifukwa msinkhu wake ndi umodzi ndi mayi wake. Tolani njerezo msanga makoswe asanamalize, mufese pasanapite miyezi yambiri popeza sizichedwa kufa, ndipo nsungwi zoumazo mudule zisanakhale chakudya cha moto wolusa. Bambusa vulgaris siichita maluwa kawirikawiri, ndipo ikatero siibereka njere zomera, n'chifukwa chake imafalitsidwa ndi zogamula kapena zidutswa za thunthu.

Ngati mukuwerenga izi mu Okutobala masamba ali mbwee pabwalo, musagule kanthu kaye. Mawa m'mamawa kaoneni ngati masamba atambasuka, mukumbe kadzenje muone pomwe madzi anu akulekezera, muyale njerwa zija, ndipo masamba omwe aseseredwa lero abwerere pansi pa tsinde. Urea adikire Januwale.